Kaprinta ka palamba ndi milandu imene timapachika pa netiweki

Mwini golosale wa pa Lunzu kapena pa Mponela sakhutira ndi manambala a pa foni ya munthu wina. Mnyamata wogulitsa katundu wa pagalimoto angathe kumuonetsa foni n'kumati, "Onani bwana, makatoni a sopo ndi awa, mabelo a shuga ndi awa, ngongole yotsala ndi iyi," koma bambo uja amafuna pepala loti alipinde, alilowetse m'kope lake. Mawa pakadzabuka mkangano wa ndalama, chodzatuluka m'kabati ndi lisiti. N'chifukwa chake makampani opikulitsa katundu, otolera ngongole m'midzi, ogulitsa matikiti ndi ena ambiri oyenda ndi ntchito yawo ayamba kunyamula timaprinta tokwana m'dzanja, tina tokoleka palamba, totulutsa lisiti pomwepo kasitomala akuona.

Ntchito yanga imandifikitsa m'madepoti ndi m'masitolo kukalumikiza timakina timeneti ndi mafoni. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti mwini bizinesi amatha masabata akufunsa mitengo, koma sakhala pansi ngakhale ola limodzi kuganiza kuti printayo izilankhulana bwanji ndi foni, ndiponso kuti ndani azidziwa kumene yagona. Zinthu zikasokonekera, aliyense amangoti netiweki yavuta. Nthawi zambiri netiwekiyo imakhala yosalakwa.

Tiyambe ndi kamakinako. Mulibe inki. Pepala lake n'lopakidwa mankhwala amene amada akatenthedwa, ndipo mutu wa printa uli ndi mzere wa timadontho totentha, 8 pa milimita iliyonse. Mukakanda pepalalo ndi chikhadabo mwamphamvu, pamatsala mzere wakuda, ndipo mbali yokandikayo ndiyo iyenera kuyang'ana kumutu. Munthu akaimba foni kuti printa ikutulutsa pepala loyera, funso langa loyamba limakhala lakuti mpukutu wauika chotani, chifukwa akautembenuza palibe chilembo chingaoneke. Mapepala ofala ndi awiri, la mamilimita 58 ndi la mamilimita 80. Loyambalo limakwana zilembo 32 pamzere, lachiwirilo 48. Zikuoneka zazing'ono, koma dzina la katundu likakhala lalitali limadulidwa, ndipo mafuta ophikira a malita awiri ndi a malita asanu amaoneka chimodzimodzi palisiti. Mkangano umayambira pamenepo.

Pamsewu, njira yolumikizira imene ine ndimaikonda ndi Bluetooth, ndipo chifukwa chake n'chimene anthu ambiri sachidziwa. Bluetooth sifuna bandulo, sifuna nsanja ya foni, sifuna intaneti. Foni ndi printa zimalankhulana zokha pamtunda wa mamita 10 kapena kucheperapo. Mungakhale kuseri kwa phiri kumene foni sikugwira n'komwe, lisiti lituluka. Chofuna netiweki ndi pulogalamu imene imatumiza malonda ku ofesi. Ndiye ngati pulogalamu yanu imakana kutulutsa lisiti pokhapokha italankhulana ndi ku ofesi, vuto si printa. Uzani amene anakukonzerani pulogalamuyo kuti izisunga malonda mufoni, n'kumawatumiza netiweki ikapezeka. M'dziko ngati lathu, pulogalamu yosachita zimenezi siyenera kugulidwa.

Mavuto enieni a Bluetooth amaonekera m'mawa padepoti. Magalimoto ali phwamwamwa kupakira katundu, anyamata onse ayatsa mafoni ndi maprinta awo pabwalo limodzi. Maprinta otsika mtengo amachoka kufakitale ndi dzina limodzi, monga MTP-II kapena PT-210, ndipo nambala yake yolumikizira imakhala 0000 kapena 1234. Mnyamata akatsegula foni amaona mayina ofanana mndandanda wonse, n'kungodina lililonse. Kenako amadina kuti lisiti lituluke, kwa iye kuli zii, pamene printa ya mnzake wa galimoto ina ikulavula pepala la katundu amene iye sakumudziwa. Choipa kwambiri chimachitika magalimoto akabalalika. Wina wafika ku Zomba, foni yake ikufunafuna printa imene ili paulendo wa ku Mulanje.

Mankhwala ake safuna ndalama. Printa iliyonse ili ndi adiresi yakeyake ya zilembo ndi manambala 12, ndipo palibe ziwiri zofanana. Pa maprinta ambiri, mukagwira batani lotulutsa pepala kwinaku mukuyatsa, imasindikiza kapepala kosonyeza dzina lake, nambala yolumikizira ndi adiresiyo. Lembani zilembo zinayi zomalizira pasitika, matani pamsana pa printa, ndipo ngati mtunduwo ukulola, sinthani dzinalo likhale nambala ya galimoto. Kenako lowani mufoni iliyonse, mufufute maprinta onse akale, mutsale imodzi. Maprinta okwera mtengo a kampani ya Zebra anachepetsa vutoli poika NFC, moti munthu amangogunditsa foni pambali pa printa n'kulumikizana ndi yomweyo. Koma sitika ndi cholembera zimagwiranso ntchito bwinobwino.

Palinso khalidwe lina la timaprinta totchipa: timamvera foni imodzi panthawi. Dalaivala akalumikiza foni yake dzulo kuti aone ngati zimatheka, lero foni ija imathamangira kugwira printa ikangoyatsidwa, ndipo foni ya wogulitsa imangoti yalephera kulumikiza. Munthu amazimitsa, kuyatsa, kuchotsa batire, mpaka thukuta kamukamu, pamene wolakwa ali m'thumba la dalaivala. Lamulo langa n'losavuta. Foni imodzi, printa imodzi, ndipo wina aliyense asaikhudze.

Za iPhone ndinene mwachidule, poti mabwana ambiri ndiwo amakhala nazo. Bluetooth ili mitundu iwiri, yakale ija ndi ina yosadya batire yotchedwa BLE, imene inabwera mu 2010. Maprinta ambiri otchipa amagwiritsa ntchito yakale, ndipo iPhone simalankhula ndi printa ya njira imeneyo ngati ilibe chilolezo cha Apple chotchedwa MFi. Ndiye bwana akaitanitsa katoni ya maprinta, n'kuyesa ndi foni yake, amaganiza kuti amubera, chonsecho pa Android akugwira ntchito. Ku Android nakonso kuli kamsampha. Kuyambira pa Android 12 ya mu 2021, pulogalamu imayenera kupatsidwa chilolezo choona zipangizo zapafupi, ndipo pa mafoni akale imafuna chilolezo chodziwa malo amene muli. Munthu akadina kukana tsiku loyamba, printa sidzaoneka mpaka wina adzalowe m'masetin'gi. Mafoni ena amaphanso pulogalamu mwakachetechete pofuna kusunga batire, ndipo lisiti limadukira pakati.

Tsopano Wi-Fi. Malo ake ndi m'nyumba: m'depoti mmene akumata zikwangwani za mitengo pamakatoni, mulesitilanti mmene woperekera zakudya amatumiza oda kukhitchini, m'sitolo yaikulu mmene mafoni angapo ayenera kugwiritsa ntchito printa imodzi. Apa Bluetooth imachepa mphamvu, Wi-Fi ndiyo imathandiza. Koma imabwera ndi mitu yake.

Woyamba ndi wa mafunde. Router zamakono (timabokosi togawa Wi-Fi) zimaulutsa pa mafunde a 2.4 GHz ndi a 5 GHz, ndipo zambiri zimaphatikiza ziwirizi pansi pa dzina limodzi. Maprinta ambiri ang'onoang'ono amamva 2.4 GHz yokha. Foni ikakhala pa 5 GHz panthawi yoyamba kulumikiza, printa imatha kukana popanda kunena chifukwa. Kusiyanitsa mayina awiriwo mu router kumathetsa nkhani. Komanso 2.4 GHz ndi malo odzaza. Muli Wi-Fi ya sitolo yoyandikana nayo, muli Bluetooth, muli ma microwave a kukhitchini, onse akukuwa pamodzi ngati oitanira minibasi padepoti ya Limbe. Pa matchanelo onse a pamenepo, atatu okha ndiwo sapondana, 1, 6 ndi 11, choncho sankhani imodzi mwa zimenezi imene anzanu oyandikana nawo sanaidzaze. Bluetooth imapulumuka phokosoli chifukwa imadumphadumpha pa matchanelo 79, maulendo 1,600 pa sekondi. Wi-Fi imakhala pamene mwaiika.

Ndipo nyumba yosungira katundu imasintha. Tsiku loyesa Wi-Fi mashelefu amakhala opanda kanthu, chilichonse chikugwira. Pakatha mwezi afikamo matumba a mpunga mpaka kudenga, migolo ya mafuta, mabotolo a madzi, ndipo madzi ndi zitsulo zimameza mafunde. Pakona pamene panali bwino, printa yayamba kugona. Yesani Wi-Fi m'depoti muli modzaza, ndipo router muiike m'mwamba, osati pansi pa tebulo la akawuntanti.

Mutu wachiwiri ndi umene umandiitanitsa kwambiri, ndipo umayenda limodzi ndi kuzima kwa magetsi. Router imagawa manambala a IP, amene ali ngati adiresi pa netiweki, kwa chipangizo chilichonse chimene chalowa. Pulogalamu yanu inauzidwa kuti printa ya kukhitchini ili pa nambala yakutiyakuti. Magetsi akazima n'kuyakanso, router imayamba kugawa mwatsopano, ndipo nambala ija ingathe kupita ku foni ya mlonda. Printa ili moyo, kanyali kake kakuyaka, Wi-Fi ikugwira, koma maoda akupita kwina. Wophika wangokhala, kasitomala wakwiya. Zimathetsedwa pa mphindi zochepa polowa mu router n'kuiuza kuti nambala imeneyi ndi ya printa imeneyi mpaka kalekale. Ndikalowa m'bizinesi n'kupeza kuti zimenezi sizinachitike, ndimadziwa kuti amene anaika zinthuzo anangothamangira malipiro. Muikenso router pa inveta kapena pa kabatire kake, chifukwa printa ya batire ilibe phindu ngati router yazima.

Ena amati bola kungotsegula hotspot pafoni ya kapitawo. Zimatheka, mpaka kapitawoyo atapita kukadya nsima ndi foni yake m'thumba.

Pali nkhani ina imene eni mabizinesi amaiseka ndikaitchula, ya chitetezo. Maprinta ambiri a pa netiweki amalandira chilichonse chotumizidwa pa khomo lotchedwa port 9100, osafunsa kuti watumiza ndani. Mu February 2017, munthu wina wodzitcha Stackoverflowin anatumiza uthenga ku maprinta amene anasiyidwa poyera pa intaneti, ndipo ananena kuti anafikira oposa 150,000. Ena mwa iwo anali a malisiti m'malesitilanti. Iye ankangochenjeza, koma phunziro lake likukhudza ngakhale kalesitilanti ka ku Area 47. Ngati pasiwedi ya Wi-Fi imene mumapatsa makasitomala ndi yomweyo imene printa ikugwiritsa ntchito, mwana wasukulu wochenjera angathe kutumiza oda yabodza kukhitchini ali pampando. Router zambiri zili ndi netiweki ya alendo yapadera. Itseguleni, makasitomala azikhala kumeneko.

Izi zikundifikitsa pa chinthu chimene chimandidetsa nkhawa kuposa mafunde onse. Lisiti la pepala lotentha n'losavuta kupeka. Munthu aliyense wokhala ndi kaprinta kotchipa ndi pulogalamu yaulere angathe kulemba dzina la kampani yanu pamwamba, n'kuika ndalama imene akufuna. Wogulitsa wosakhulupirika amapatsa kasitomala lisiti la ndalama yonse, ku ofesi n'kukalemba yochepa, kapena amasindikiza lisiti limodzi kawiri n'kutolera ndalama malo awiri. Printa payokha singakutetezeni. Chokutetezani ndi pulogalamu. Lisiti lililonse likhale ndi nambala yotsatizana imene ku ofesi ikudziwika, lobwereza lilembedwe poonekera kuti ndi kope, ndipo ngati n'kotheka kasitomala alandirenso SMS yochokera ku ofesi yotsimikiza ndalama imene walipira. Anthu athu anazolowera kale zimenezi kudzera ku Airtel Money ndi Mpamba, moti sadabwa nazo. Komanso printa ikasowa, musaione ngati mwangotaya kachipangizo. Funsani kuti ili m'manja mwa yani, ndipo ikusindikiza chiyani.

Pa za msonkho musasokoneze zinthu. Bungwe la MRA linayambitsa makina otulutsa malisiti a msonkho otchedwa EFD mu 2014 kwa mabizinesi olembetsa VAT, ndipo lisiti la msonkho lili ndi malamulo ake. Pepala lotuluka m'kaprinta ka Bluetooth silisanduka lisiti la msonkho chifukwa choti palembedwa mawu akuti VAT. Musanagule maprinta a gulu lonse, funsani ku MRA kapena kwa akawuntanti wanu kuti dongosolo lanu likugwirizana bwanji ndi zimene akufuna panopa.

Nanga makampani akuluakulu amayang'anira bwanji maprinta mazanamazana? Ali ndi mapulogalamu ake. Zebra ili ndi Link-OS ndi Printer Profile Manager Enterprise, ndipo kampani ya SOTI ili ndi SOTI Connect. Munthu mmodzi ali pakompyuta amaona printa iliyonse, batire lake lafika pati, yasindikiza mapepala ochuluka bwanji, ndipo angathe kutumiza pasiwedi yatsopano ya Wi-Fi kwa onse nthawi imodzi. Chomalizachi n'chachikulu. Wantchito akachotsedwa mumayenera kusintha pasiwedi, ndipo popanda mapulogalamu amenewa printa iliyonse imafuna kuigwira pamanja. Ndaona mabizinesi amene sasintha pasiwedi kwa zaka chifukwa choopa ntchito imeneyi, moti aliyense amene anagwirapo ntchito pamenepo angathe kulowa ali panja pa mpanda.

Koma kunena zoona, bizinesi ya magalimoto khumi sifunika zonsezo, ndipo wogulitsa akakuumirizani, akufuna komishoni. Chofunika ndi kope limodzi, kapena tsamba limodzi la Excel, lokhala ndi nambala ya printa, adiresi yake, foni imene yalumikizidwa nayo, dzina la amene wasainira, tsiku logulira ndi tsiku losinthira batire. Pakhale munthu mmodzi wodziwika amene madzulo amalandira maprinta, kuwatchaja, kuwapukuta, n'kuwagawanso m'mawa. Kumene kulibe munthu ameneyu, maprinta amagona m'magalimoto, matchaja amasinthanitsidwa, ndipo pakatha miyezi ingapo palibe amene angakuuzeni kuti munagula angati.

Gulaninso mtundu umodzi. Maprinta ali ndi zilankhulo zawo. Ambiri a malisiti amamva ESC/POS, imene inayambitsidwa ndi Epson ya ku Japan, pamene a zikwangwani za pakatundu amamva ZPL kapena CPCL. Ngakhale amene amati amamva ESC/POS samva mofanana. Wina amasindikiza QR (kachizindikiro kojambula ndi foni) bwinobwino, wina amatulutsa zilembo zosadziwika mpaka pepala litatha. Mukasakaniza mitundu isanu chifukwa chothamangira yotchipa mwezi uliwonse, wokonza pulogalamu wanu adzakhala akuzimitsa moto chaka chonse, ndipo mabatire ndi matchaja sadzabwerekana. Samalaninso ndi dongosolo lodalira kampani yakutali kuti pepala lituluke. Google Cloud Print, njira ya Google yosindikizira kudzera pa intaneti, inatsekedwa kumapeto kwa 2020, ndipo amene anamanga ntchito yawo pamenepo anayambiranso.

Ena athawa mavuto onse olumikiza pogula makina ophatikiza foni ndi printa, monga Sunmi V2 ya ku China, imene ili ndi Android ndi kaprinta ka mamilimita 58 pamutu. Palibe Bluetooth yoti ivute, palibe printa yopita ndi galimoto yolakwika. Ndimawakonda pa ntchito ya matikiti ndi yotolera ndalama. Kuipa kwake n'kwakuti kakagwa pansi, mwataya zonse ziwiri tsiku limodzi.

Batire ndi pepala zili ndi mdani mmodzi, kutentha. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje mu October kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo padashibodi ya galimoto yotseka magalasi pamatentha kuposa pamenepo. Batire la lithium losiyidwa pamenepo limakalamba msanga, mwina kufufuma, ndipo lofufuma lichotseni tsiku lomwelo. Mpukutu wa pepala nawo umada usanagwire ntchito. Zilembo zikayamba kutuwa, yambani mwaona batire, chifukwa mutu sutentha mokwanira mphamvu ikachepa. Mukatero pukutani mutuwo ndi kansalu konyowetsa ndi spiriti, printa ili yozima. Osaukanda ndi pini kapena mpeni, poti kadontho kamodzi kakafa, lisiti lililonse lidzakhala ndi mzere woyera kuchokera pamwamba mpaka pansi. Pa tchaja napo samalani. Maprinta ambiri ali ndi batire la 7.4V ndipo amafuna tchaja yawoyawo, osati iliyonse imene yalowa pabowo.

Lisiti lenilenilo silikhalitsa. Dzuwa, mafuta, sanitaiza ndi selotepi zimafufuta zilembo, ndipo lisiti losungidwa m'chikwama chotentha limasanduka pepala loyera pakapita miyezi. Uzani makasitomala anu kuti azilijambula ndi foni, ndipo ofesi isadalire mapepala amenewa ngati kaundula wake. Mapepala ena amakhalanso ndi mankhwala a BPA, okayikitsa pa thanzi la munthu, amene mayiko a European Union anawaletsa kupitirira 0.02 peresenti m'mapepala otere kuyambira mu January 2020. Munthu amene amagwira malisiti tsiku lonse asambe m'manja asanadye, ndipo pogula mapepala funsani ngati alipo olembedwa kuti alibe BPA.

Mukapita kukagula, tengani foni yeniyeni imene anyamata anu azidzagwiritsa ntchito, muli pulogalamu yanu, ndipo mutulutse lisiti lalitali pakauntala pomwepo, lokhala ndi dzina la katundu lalitali kwambiri limene muli nalo komanso QR ngati mumaigwiritsa ntchito. Zimitsani printa, muiyatsenso, muone ngati ikulumikizana yokha. Funsani mtengo wa batire lapadera ndiponso ngati lilipo m'sitolomo lero, osati lodzaitanitsa. Tsegulani ndi kutseka chivindikiro cha pepala kangapo, chifukwa kaloko kotsekera ndi kagudumu ka labala kokoka pepala ndizo zimayamba kutha, ndipo zosinthira zake sizipezeka wamba kuno. Pa maprinta khumi alionse, onjezerani imodzi yongokhala m'kabati, yotchajidwa, yomatidwa kale sitika yake.